Khomo la Abambo ku Barking

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Ine Fatsani ndili bwino, ndanenepa moti m'basi ndimalowa cham'mbali. Mlongo wanga Tadala wabereka mwana wamkazi ku Woolwich. Mphuno yake ndi yanu yeniyeni, pepani. Koma Tadalayo mashifiti a kuchipatala anamumeza, timangomvana pa foni.

Nkhani ndi ya abambo. Titakuikani m'manda ndinawatenga kuti adzakhale nane kuno ku Barking, pa fulati yanga yam'mwamba, kumene ndege zimandipatsa moni podutsa. Amuna anu mukuwadziwa. Anaweruza milandu mpaka mpando wa kukhoti unaperepeseka, kenako anthu n'kuwasankha kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Mukulikumbukira khonde lathu? Kusanache anthu adzaza kale: wofuna mjigo, wolandidwa munda, wothawidwa ndi mkazi. Inu munkadandaula kuti shuga wa mwezi akuthera alendo, iwo n'kumati khomo la phungu silitsekedwa. Ngakhale atagwa pa chisankho sanalitseke.

Lamulo limenelo anabwera nalo ku London. M'mawa uliwonse ankameta ndevu, kuvala suti yakuda ija, kutsegula chitseko n'kuchitchinga ndi nsapato, kenako kuika mipando iwiri pafupi ndi khomo. Ine ndikapita kukasamalira okalamba a eni, iwo ankatsala pamenepo kudikira odi. Amayi, kuno munthu amadutsa pakhomo lotsegula maso ali pansi ngati wataya singano. Palibe analowa. Hita inkangofunditsa kolido. Mapeto ake oyang'anira nyumba anadzanena kuti chitsekocho chizikhala chotseka, akuti chimaletsa moto kufalikira. Abambo anamvetsera bwinobwino, nati lamulo ndi lamulo. Anachotsa nsapato ija okha.

Kuyambira pamenepo suti sinatulukenso m'wodilopu. Ndevu zinamera ngati tchire. Chakudya ankangochitembenuza ndi supuni, tsiku lonse ali pawindo, mpaka thalauza linayamba kuwavuka.

Ndiye ine, mwana wanu wa Folomu 2, amene abambo ankati mutu wake ndi wongosungira chipewa, ndinapeza nzeru. Loweruka nditaweruka sindinatsegule ndi kiyi. Ndinaima panja n'kuodira ngati mlendo. Ndinawauza kuti ndabwera ndi mlandu: mnzanga wa kuntchito, Mulenga wa ku Zambia, wandidyera nkhuku imene ndinasunga m'bokosi m'filiji. Pofotokoza, nkhukuyo inakula mpaka kufanana ndi mbuzi.

Anandiuza kuti ndidikire. Potuluka kuchipinda anali atavala jekete pamwamba pa pijama. Anandipanikiza ndi mafunso mpaka tiyi anazizira: ndani anaona, pa bokosipo ndinalemba dzina kapena ayi, mafupa anapezeka kuti. Maso aja ankanjenjemeretsa mboni anabwerera, Amayi. Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse.

Kenako anati, "Sindiweruza nditamva mbali imodzi. Lamlungu la sabata yamawa ubwere naye."

Nkhukuyotu sinakhaleko. Mulenga alipo, koma ine ndi iye timangopatsana moni posinthana shifiti. Kumene amakhala sindikudziwa n'komwe. Pa foni paja ndinkakuuzani kuti London yonse imandidziwa, kuti sitima ya District imandidikira ndikachedwa. Ndafufuza m'foni mwanga kufuna wina aliyense woti adzakhale Mulenga wabodza. Ndapezamo Tadala, abwana anga ndi a kampani ya gasi.

Abambo asita kale suti. Mipando aika itatu, ndipo andituma ndikagule shuga ndi mabisiketi, akuti woimbidwa mlandu nayenso ndi mlendo.

Mawa ndikamudikira Mulenga pageti la kuntchito. Ndikamuuza zonse, kuti abwere adzayankhe mlandu wa nkhuku imene sanadye, ine ndidzamuphikira yeniyeni. Mwina akandiseka. Akakana ndikagwada pamenepo, thupi lonseli, ngakhale adzanditole ndi kireni.

Ndikulonjeza, Amayi, Lamlungu pakhomo pa amuna anu pamveka odi wa munthu wina, osati ine.

Ndimakukondani, ndakusowani.

Mwana wanu wokongola kuposa onse,
Fatsani