Mano a Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo la Mayi linasiya kutupa? Ine kuno ndiliko, kungoti fumbi la kunkhokwe ya kampani komwe ndimagwira ntchito landipatsa chifuwa. Denga la chipinda changa likudonthabe, ndipo mwini nyumba nyimbo yake ndi ya mawa.

Koma chandigwiritsa cholembera si denga ayi. Mukukumbukira patchuthi paja, nditadzipereka kuphunzitsa mwaulere a kopaletivi yathu kagulitsidwe ka mbewu? Ndinaima kutsogolo m'kalasi muja, choko m'manja, taye pakhosi, dzuwa likuswa mtengo. Ndinawauza kuti ogula a m'tauni safuna zongoganizira, amafuna nyemba zoyezedwa ndi kamakina koyezera chinyezi. Mayi wina atafunsa za Bambo, amene akhala akuluma nyemba za gulu pakhomo la nkhokwe zaka khumi ndi zisanu kuti aone ngati zauma, ndinayankha kuti mano ndi odyera, si oyezera. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, nanenso ndinaseka. Bambo anali pabenchi ya kumbuyo, chipewa pabondo, ndipo sanaseke.

Kalata yanu yandiuza zotsalazo: komiti inagula kamakinako, Bambo inawachotsa pakhomo paja, ndipo tsiku lolandira mbewu iwo amakhala pakhonde n'kumasoka matumba osang'ambika n'komwe. Mzere umenewo ndauwerenga kambirimbiri. Ndili ndi manyazi, Achemwali.

Sabata yatha kuntchito kunafika lole ya nyemba. Ndinayeza ndi makina athu, aakulu kuposa kanuko, ndipo anaonetsa kuti zauma. Ndikuti ndidinde pepala, mkulu wathu woona za mbewu, bambo wa imvi amene sukulu anapita nayo patali kuposa tonsefe, anatapa nyemba m'thumba la pansi n'kuluma imodzi. Analavula, n'kulamula kuti matumba onse akayanikidwe. Tsiku lotsatira okonza anapeza kuti makinawo anali atasokonekera. Nditamufunsa mkulu uja kuti anadziwa bwanji, anangoti, "Makina amandithandiza kulemba nambala. Nyemba anandiphunzitsa ndi mayi anga." Ndinazembera kuseri kwa matumba n'kukakhala pansi. Safunsa anadya phula, ndipo ine, mwana wobadwira m'nyumba ya mmisiri, sindinafunsepo ngakhale tsiku limodzi.

Tsopano ndikuopa ziwiri. Kamakina kanuko kakadzanama, nyemba za gulu lonse zidzachita nkhungu m'matumba. Koma chondiwawa kwambiri n'chakuti Bambo angakalambire pakhonde paja akuganiza kuti mwana wawo amawaona ngati munthu wotha ntchito.

Pempho langa ndi limodzi. M'kaphukusi aka muli timajumbo tiwiri tomanga zolimba: kena ka nyemba zouma, kena ka zimene ndinatapa m'lole ija zisanayanikidwe. Pamsonkhano wa gulu wa mwezi uno, muwerenge kalatayi mokweza, osadumpha za taye kapena za kuseka kwanga, kenako mupemphe Bambo alume pamaso pa onse. Kamakinako asakataye, koma kazigwira ntchito pambali pa Bambo.

Ndikuwadziwa Bambo, mwina akana kupitako. Musawakakamize. Mungowapatsa timajumboto pakhonde pomwepo, muwauze kuti sindinatilembe chizindikiro, ndipo ndaluma mpaka nsagwada kuwawa koma sindikusiyanitsa. Muwauze kuti mphunzitsi uja akufunsa kuti zouma ndi ziti, chifukwa iye sadziwa.

Mundiperekere moni kwa Mayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Kwa Bambo sindikudziwa poyambira, ndiye moni wanga ndi nyembazo.

Ndine mlongo wanu,
Uja wa taye