Makiyi a Lole Yanga

Lachitatu, 17 Epulo

Andilanda makiyi. Lole yangayanga, ya asilikali, ya 1943, imene ndinaitola ili chiphakasa kumunda wa tirigu n'kuidzutsa ndi manja angawa. Akomiti ati chaka chino pa perete wa Anzac, wokumbukira asilikali a kunkhondo, ayendetse Desmond, mkamwini wanga. Ati maso anga atha. Merv, wapampando, kuseka: "Clarrie, iwe ukhoza kupatsa moni mtengo wa magetsi." Galu ameneyo. Zaka 31 ndikunyamula asilikali okalamba kumbuyoko, sindinagundepo ngakhale nkhuku.

Lachisanu, 19

Tsiku lonse mushedi. Girisi, mpweya m'matayala, kuwonjezera mafuta a mabuleki. Ayendetse iye, koma lole ya Clarrie Dunstan siituluka yauve. Desmond giya amalowetsa ngati akuthyola nkhuni.

Loweruka, 20

Chitini cha mafuta a mabuleki chili pashelefu, chosatsegula. Chotsegula n'cha oyilo wa injini. Ndiye dzulo ndinathira chiyani?

Zitini zonse ziwiri n'zofiira. Ine amene sindinapondeko m'kalasi, zilembo ndinaziphunzirira pa zitini zomwezi.

Oyilo amafufumitsa timalabala ta mabuleki. Osati lero. Pang'onopang'ono. Tsiku lina uponda, phazi lingofika pansi.

Lolemba, 22

Sindinauze munthu. Ndinangoti kwa Desmond, tayang'ana mabulekiwo. Anazungulira bwalo kawiri, kuponda, lole kuima nji. "Akugwira ngati ng'ona, bambo. Mukungofuna chiwongolero chanu basi." Noreen, mwana wanga, naye kuseka.

Kutsuka mapaipi onse ndi kusintha malabala, masiku atatu, ndipo perete ndi Lachinayi lomweli. Pandekha sindingathe, timanati sindikutiona. Ndikanena, ndiye kuti Merv ananena zoona.

Perete amatsika mtsetse wa kutchalitchi mpaka pachipilala cha asilikali. Kumbuyo kwa lole madala asanu ndi atatu pa mabenchi, mmodzi mwa iwo Alf ndi njinga yake ya olumala. Kutsogolo gulu la ng'oma ndi malipenga, wapansi.

Mwina agwira. Chopondera lero chinali chofewa. Kapena ndi mwendo wanga.

Lachitatu, 24. Chipatala, Toowoomba

Ang'amba ng'ala ya diso lamanzere. Ndinaiwala kuti ndi sabata ino, Noreen anachita kundikoka. Andigoneka mpaka mawa, ati magazi athamanga. Makilomita 200 kuchokera kushedi. Ndikulemba ndi diso limodzi, mizere ikukwera phiri.

Ndaimbira Desmond kawiri, sakuyankha. Ali kokongoletsa lole ndi mbendera. Perete mawa 10 koloko.

Noreen wapita kukagula tiyi pansipa. Akabwera ndimuuza zonse, chitini, oyilo, maso. Akauze Merv, aseke mpaka mano agwe, tauni yonse imve.

Koma Noreen anyamuke lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Asandidikire ine. Akatsegule boneti, azule waya wa koyilo, wopereka moto ku injini, auike m'chikwama chake. Lole ija isatuluke mushedi.