Chipepeso Sichipempha Chala: Kwa Banja la Mayi Isaura Daudi

Kwa bambo Nordino ndi ana anayi, kwa abale a kuchimuna ndi a kuchikazi, ndiponso kwa anthu onse a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba,

Ife a Bungwe la Amayi Ogulitsa Nsomba Zouma za ku Amaramba tikulengeza ndi mitima yosweka za imfa ya mnzathu ndi mtsogoleri wathu, Mayi Isaura Daudi, amene anatisiya Lolemba la sabata yatha pamsewu wopita ku Cuamba. Kamiyao, chigalimoto chonyamula zipika, anasiya phula lonse limene anamuyalira, n'kukawapeza kumbali, pansi pa mtengo wa mango, pomwe ankadikira shapa, minibasi yathu ija, ndi madengu awo awiri. Wolembane ndine wapampando wanu, Loyce Daudi, zakhali wa malemuwa. Sukulu ndinalekera kalasi yachiwiri, choncho chilembo chikapendekeka mundikhululukire, koma nkhani yake ndi yowongoka.

Mayi Isaura anabwerera kuno kuchokera ku Malawi mu 1993 ali kamtsikana, atasenza mphasa, ndipo malonda anayamba ndi dengu lobwereka. Ndi iwo amene anatisonkhanitsa pamene aliyense ankagulitsa payekha, ndi iwonso amene anayenda ofesi ndi ofesi kwa zaka zitatu mpaka pamalo pathu pamsika panafoleredwa malata, mvula n'kusiya kuwoletsa milamba yathu. Lachisanu ankalondera malonda a anzathu opita kumzikiti, Lamlungu anzathuwo n'kulondera awo, ndipo mwambo umenewu ulipo mpaka lero. Pamene oyendetsa shapa ankatikaniza kukwera, wina atanena kuti tikununkha, iwo anamuyankha kuti, "Fungo limeneli ndi limene linakuphunzitsa kuyendetsa, mwanawe. Mayi ako tinkawamba nawo nsomba. Tsegula chitseko." Anatsegula. Ndi madengu omwewo anaphunzitsa ana anayi ndi kusamala apongozi awo osaona.

Tsopano mundilole ndinene zimene uthenga wamaliro sunena kawirikawiri. Tsiku loika maliro kunabwera bambo wina wa kukampani ya kamiyao uja, nsapato zowala, ndi bokosi komanso matumba awiri a mpunga. Tinathokoza, pakuti tinaleredwa. Patapita masiku atatu anabweranso, ulendo uno ndi pepala la Chipwitikizi ndi kabokosi ka inki.

"Ndi za chipepeso basi, bambo Nordino," anatero. "Dindani chala apa kuti munalandira."

Ndinafunsa ine: "Achimwene, pamaliro pano anabwera anthu mazana, wina ndi nkhuku, wina ndi nkhuni. Ndani mwa iwo anapempha chala?"

"Mayi, inu ndinu ndani pabanja pano?"

"Ndine amene ndinamusambitsa malemuyu tsiku lobadwa, ndamusambitsanso tsiku lomaliza. Nanga inu?"

Koma mkamwini wanga, bambo Nordino, anali atayamba kale kupukuta chala pathalauza. Apo ndinakomoka. Ndinagwera papepala pomwepo, ndipo pamene anthu ankathamangira madzi, Mayi Carla, mlembi wathu, analisolola pansi pa nsalu yanga n'kukaliwerenga kuseri kwa nyumba. Inu nonse amene munanditsira madzi, zikomo, ndipo pepani. Inu a Davide, malume a malemu, chidebe chonse chija sichinali chofunika.

Pepalalo likuti banja lalandira zonse zoyenera, silidzafunsanso kanthu kukampani, kwa a seguru (a inshuwalansi) ngakhale kukhoti, ndiponso likuti malemu anadumpha msewu osayang'ana. M'chinenero chathu mawu akuti chipepeso amanyamula zinthu ziwiri: chimene mnansi amabweretsa pamaliro, ndi chimene wolakwa amapereka mlandu ukatha. Bamboyo pakamwa ananena choyamba, papepala analemba chachiwiri, ndipo wati abweranso Lachinayi.

Choncho bungwe lathu linatuma anthu kukafunsa kwa odziwa malamulo, ndipo zimene tinamva tikuziika poyera kuti banja lililonse la m'mbali mwa msewu uno lizidziwe. Palibe amene angakukakamizeni kudinda pepala limene simunalimve m'chinenero chanu. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu imayenera kukhala ndi seguru, ndiye kuti inshuwalansi, yoti ilipire pamene yavulaza kapena kupha munthu, ndipo bokosi ndi mpunga sizilowa m'malo mwake. Mwamuna wa malemu ndi ana ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti, wofunsa zimene apolisi analemba pamalo a ngozi, ndi wobweretsa mboni zawo. Amene alibe ndalama za adivogadu, ndiye kuti loya, boma lili ndi ofesi yoimira anthu otere pamilandu. Anatichenjezanso kuti milandu ili ndi nthawi yake, munthu asagone nayo. Mboni tili nazo: Mayi Elena ndi anzawo awiri anali pansi pa mtengo womwewo, ndipo khungwa limene kamiyao anasenda silinamererenso. Ngati Isaura anadumpha msewu, ndiye kuti mtengo wa mangowo unadumpha naye.

A Davide, inu ndinu malume a malemu ndipo mawu anu ndi olemera. Mwanena kuti kulimbana ndi kampani n'kutaya nthawi, kuti anthu osauka sawina. Mwina mukunena zoona, ine khoti sindinalowemo. Koma ana anayiwa adzakula, adzawerenga Chipwitikizi kuposa tonsefe, ndipo adzapeza chala cha bambo awo pansi pa mawu akuti mayi awo anadzipha okha ndi kusayang'ana. Tsiku limenelo ine ndidzakhala nditagona kumanda, adzafunsa inu.

Bambo Nordino, mkamwini wanga, zaka makumi awiri ndakhala ndikukusekani kuti dzanja lanu ndi lolemera kulowa m'thumba. Lero ndikupempha kuti likhale lolemera chomwecho. Palibe amene akukuimbani mlandu kuti munatsala pang'ono kudinda. Munthu amene wangoika mkazi wake angadinde chilichonse kuti alendo achoke. Mpunga uja idyani, osabweza ngakhale kambale, pakuti unabwera pamaliro ndipo ndi wamaliro.

Lachinayi msika wa nsomba sudzatsegulidwa. Tonse makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi tidzakhala pabwalo panu kuyambira m'mawa, Akhristu ndi Asilamu, ndipo mlendo akafika tidzamupatsa mpando wabwino ndi madzi akumwa. Kenako tidzamupempha mwaulemu kuti aime, awerenge pepala lake mokweza m'Chinyanja, mzere ndi mzere, ana a Isaura atakhala kutsogolo. Akamaliza, ngati mawu adzakhala atamutsalira, tidzamuuza tsiku lokakumana kukhoti.

M'malo mwa amayi onse a bungwe lathu, kuyambira kugombe la Amaramba mpaka kumsika wa Cuamba, ndikupereka chisoni chathu chachikulu kwa inu bambo Nordino, kwa ana, kwa agogo awo ndi kwa abale onse. Mulungu akupatseni mphamvu yolira, ndi mphamvu yokana. Mzimu wa Mayi Isaura Daudi uuse mumtendere; otsalafe tidzausa mlandu ukatha.

Ine wanu pachisoni,
Loyce Daudi
Wapampando, Bungwe la Amayi Ogulitsa Nsomba Zouma za ku Amaramba
Mandimba