Kanjira Kachinayi M'dzino la Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Kuno tili moyo. Amayi miyendo ikumawavutabe m'mawa, koma akuyenda. Ine ndilipo, ntchito ndikugwira.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya Bambo. Pafoni ndayesa kangapo kukuuzani, koma mukangofunsa kuti zikuyenda bwanji dokotala wathu, ine ndimangoti zikuyenda. Ndaona kuti bola pepala, silindidula mawu.

Mwezi watha Bambo anabwera kuchipatala chathu cha mano atagwira tsaya. Asanakhale n'komwe pansi anali atauza kale anthu onse a pabenchi kuti amene ali m'katimo ndi mwana wawo, ndipo anamuphunzitsa sukulu ndi sipanala yawo ya umakaniko. Dzino lovutalo ndi lalikulu lotafunira, la m'mwamba kumanzere. Mukudziwa kuti kumanja otafunira anatha kalekale. Limeneli ndi limene likuwadyetsa.

Linali litabowoka mpaka pamtsempha. Kuzula kunali kosavuta, koma ndinati tilipulumutse. Ntchito yake imayenda chonchi: timatsegula dzino, n'kufufuza tinjira topyapyala timene timalowa m'mizu, n'kuchotsamo mtsempha wowola, kutsuka, kenako kumata. Dzino lotere lili ndi mizu itatu. Ndinapeza tinjira titatu ndipo ndinatsuka bwinobwino. Bambo anagona pampando uja ngati bwana, maso ali panyali, ndipo nditachotsa zitsulo m'kamwa anandifunsa ngati ndamanga mabawuti onse.

Koma ululu sunathe. Nkhama za pamwamba pa dzinolo zinatupa, kenako panatuluka kachithupsa ka mafinya.

Achemwali, muzu wa kutsogolo, wa mbali ya tsaya, nthawi zambiri umabisa kanjira kena, moti dzino lonse limakhala ndi tinayi. Zimenezi ndimazidziwa, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinakafunafuna koma osakaona. Kamakhala kopyapyala ngati tsitsi, ndipo mwa munthu wachikulire khomo lake limatsekeka lokha dzino likamakalamba. Chithunzi cha ekisireyi chikuonetsa mthunzi kunsonga ya muzu womwewo. Kanjirako kalipo, ndipo n'kamene kakusunga matenda.

Bambo atabweranso ndinavala magalasi anga okuzira zinthu, n'kuyamba kupala pang'onopang'ono pamene kayenera kukhala. Ndinaona kamzere kakuda. Mwina ndi khomo, mwina ndi banga chabe. Malo amenewo ndi opyapyala. Ukapala molakwika umaboola, ndipo dzinolo latha. Ntchito imeneyi ndaigwirapo pa anthu ambiri popanda vuto. Koma tsiku limenelo ndinkamva fungo la mafuta awo a kumutu, ndikuona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda, ndipo ndinasiya kupala. Ndinaikamo mankhwala, ndinamata mongoyembekezera, n'kuwadzutsa.

Pali dokotala wina, mayi amene anatiphunzitsa ku yunivesite, amene ntchito yake ndi mizu ya mano yokhayokha. Ali ndi maikulosikopu imene imaonetsa m'kati mwa dzino ngati m'chipinda choyatsa magetsi. Ndinawaimbira. Sanaone chachilendo. Anati ndibwere nawo Bambowo, ndipo anaseka kuti ngakhale iwo mano a amuna awo sawagwira.

Nkhaniyi ndinakaitula kunyumba, pabalaza. Bambo anazimitsa wailesi. Anafunsa kuti mizu itatu, tinjira tinayi, amenewo ndi masamu a sukulu iti. Ndinawajambulira papepala. Analiyang'ana, n'kulitembenuza chadodolido, n'kunena kuti injini imene wamasula wekha supereka kwa makaniko wina ili zidutswazidutswa. Anati sanagone pansi pa magalimoto a anthu zaka zonse zija kuti lero akayasamulire mwana wa eni ake.

Amayi anali akupinda zovala pambali. Anati bambo ake, pakamwa si galaja. Bambo anayankha kuti amene sanagwirepo sipanala akhale chete. Amayi anati chabwino, ndiye muzitafuna ndi sipanalayo. Ndinafuna kuseka, koma Bambo anali atagwiranso tsaya.

Mawu awo omaliza anali akuti ndimalize ndekha, ndipo ngati sindikufuna, ndizule. Koma kwa wina ayi.

Apa ndi pamene ndinalephera, Achemwali. Ndinangowauza kuti mayi aja ali ndi makina abwino kuposa anga. Bambo anati ndiye kabwereke makinawo. Mawu oti "Bambo, ili landikanika" sindinawanene. Ndinatsegula pakamwa, n'kuona mmene anandiyang'anira, ndipo ndinangowafunsa ngati amwa mankhwala.

Ndimadzifunsa ngati si mantha chabe. Mwina wina wolimba mtima akanapala pang'ono pokha n'kukapeza. Mwina kamzere kaja ndi khomo ndithu. Nthawi zina pakati pa odwala ndimabwezeretsa chithunzi chija pakompyuta n'kumachiyang'ana, ngati kuti chisintha. Koma ndikaboola, ndidzakhala ndaboola m'kamwa mwa Bambo anga, ndipo palibe chobweza.

Nthawi siili mbali yathu. Mukudziwa za shuga wawo. Mafinya sayenera kukhalitsa m'thupi lotere. Chomatira chija chayamba kugumuka. Akudya zofewa zokhazokha, ndipo Amayi anandinong'oneza kuti anawapeza akuboola lamba wawo ndi msomali chifukwa thalauza likuvuka. Kwa anzawo a pabenchi ya kugolosale akumanena kuti mwana wawo akulikonza pang'onopang'ono, chifukwa ntchito yabwino sithamangira.

Ndiye ndikupempheni. Inu amakumverani. Ndinu nokha m'nyumba muno amene mumawakalipira iwo n'kumaseka. Muwaimbire Lamlungu masana, akadya. Musayambe ndi dzino. Ayambe alankhula ndi zidzukulu. Kenako muwauze kuti apite nane kwa mayi aja. Muwauze kuti ndidzakhala pomwepo, pambali pa mutu wawo, nditagwira kapaipi koyamwa malovu, ndipo sindidzachoka mpaka ntchito ithe.

Koma chonde musawanamize kuti wogwira ntchitoyo ndidzakhala ine. Akakufunsani ngati mwana wawo walephera, muwayankhe kuti inde, ili lokha lamukanika. Ndalola. Ndichepe m'maso mwawo, bola azitafuna.

Akakanabe, sabata ya mawa ndizula, chifukwa sindingawasiye ndi mafinya. Kuzula ndimadziwa. Sadzamva kanthu, adzadzuka pampando akumwetulira ndi thonje m'kamwa, ndipo adzandigwira paphewa n'kundithokoza. Kuthokoza kumeneko n'kumene ndikukuopa.

Mulungu akusungeni, inu ndi nyumba yanu yonse. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti amalume awo akufunsa ngati akutsuka mano asanagone. Amayi akuti akusowani. Mukalankhula nawo Bambo, mundidziwitse mwamsanga, ngakhale yankho litakhala loti ayi.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba mwathu