Ndaloza Manda ndi Chibakera

Lachiwiri, Novembala 2020, kuno ku Najma, m'dziko la eni.

Lero landiipira. Chiyambireni korona, lero m'pamene kampani yapeza alendo, banja la ku Mexico, pa ulendo wotchipa wokaona mabwinja akumpoto. Gaidi wofotokozera alendo anamuchotsa kalekale, ndiye ine dalaivala ndimafotokozanso ndekha. Mayi wa m'banjalo amangonyoza, ati kwawo mabwinja a anthu akale otchedwa Amaya ndi aakulu kuposa awa. Kenako wafunsa komwe kuli manda. Ndaloza ndi chibakera monga timachitira kwathu ku Machinga. Amaloza manda ndi chala ndani? Iye waona ngati ndikumuopseza, wakandinenera kuofesi.

Abwana angoti, "Khalas, basi zatha, Yusufu, mawa ubweze makiyi."

Akuti malamulo atsopano akulola ife obwera kusintha ntchito. Ndisinthira kuti mahotela ali otseka? Mkazi wanga waimba kawiri, sindinayankhe. Chala changa ndachipulumutsa, sichiwola. Nanga ana aja ndiwauza kuti...