Dzino la a Phiri ndi batire ya besi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kawale tikudzuka, amayi miyendo ija yasiya kutupa. Ine ndiye ndili ndi bala pamkono, loziputa ndekha.

Zida zokwezera mawu a gitala munatumiza zija, mapikapu ndi puliyampu yoyendera batire, ndinakapereka kwa a Phiri, okonza mawailesi ku Biwi, kuti andiikire m'gitala yanga ya besi. Inayamba kulira mogwedeza chifuwa. Koma Loweruka tikuimba pa ukwati ku Area 23, mkwatibwi akungolowa kumene, besi inangoti zii! Anthu anatikuwiza.

Ndinapita ku Biwi nditalusa. Ndinawagwira pakhosi a Phiri n'kunena kuti, "Mwaba zida zanga, mwaikamo zachabechabe!" Ndinawamenya chibakera pakamwa, dzino n'kugwa pansi. Iwo anandidinda pamkono ndi chitsulo chamoto chowotcherera mawaya, mpaka anthu anatileretsa.

Akulavula magazi, anatsegula kuseri kwa gitalayo n'kutulutsa kabatire. Anandifunsa, "Kodi chingwe mumazula mukatha kuimba?" Ndinati ayi, chimakhala chilowere sabata yonse. "Ndiye chamaliza batire. Ndinakuuzani tsiku lomwe lija." Ataika ina, besi inabangula pomwepo.

Achimwene, amayi musawauze. Mundipempherere, ndiponso mundilangize kapepesedwe kake, pakuti munthuyu ndi wamsinkhu wa malemu bambo athu. Batire anasintha ine ndikuona, koma dzino lija palibe angalibwezeretse.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yamikani