Kapu ya Chithovu

Lachiwiri, 19 Seputembala

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndinaseka ndekha nditafika pamene mwafunsa ngati ndinakwatiwanso ndi nsomba. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo. Ndathokoza ndi mtima wonse kuti mwandipezera malo kwa mayi wosoka mayunifolomu uja, ndiponso kuti wavomera kundisungira makina mpaka kutha kwa mwezi uno. Tsiku lomwelo ndinatsitsa sutukesi n'kuyamba kulongedza. Koma lekani ndikufotokozereni za nsombazi, poti inu mumaziona ngati nkhani yocheza.

Mukuikumbukira thanki yagalasi ija malemu amuna anga anaika pabalaza, ya nsomba za m'madzi amchere? Iwo atatisiya, apongozi anakana kugona kuchipinda. Tinawakokera bedi pafupi ndi thankiyo, ndipo ndi pomwe amakhala, poti miyendo nayo inawakana. Kumbuyo kwa thanki kuli chipangizo chimene malemu ankachitcha Chithovu. Chimakoka madzi n'kuwasakaniza ndi mpweya, ndiye thovu lake limakwera ndi litsiro lonse la nsomba n'kukagwera m'kapu imene ili pamwamba. Kapuyo ndi yaing'ono, imadzaza tsiku lililonse, ndipo fungo lake ngakhale ntchentche imayamba yaganiza kaye. Ikasefukira, litsiro limabwerera m'madzi, nsomba n'kumapuma wefuwefu pamwamba.

Kuti uichotse uyenera kuipotokola ndi manja awiri, pamene manja a apongozi amanjenjemera moti tiyi ndimawathirira theka lokha. Alamu anga, mng'ono wa malemu, amabwera Loweruka basi, ndipo amacheza chiimirire, makiyi a galimoto ali m'manja. Mayi amene amupeza kuti azidzaphika ndi kuwasambitsa ine ndikachoka anangonunkhiza kamodzi n'kunena kuti iye anadzera anthu, osati nsomba. Kugulitsa thankiyo apongozi safuna n'kumva komwe. Ndiye onani, munthu wamkulu ndi mano anga, ndamangidwa ndi kapu.

Sabata yatha ndinati mwayi uwu usandidutse ndikuyang'ana. Ndinaikulunga kapuyo m'pepala la pulasitiki n'kupita nayo kwa apulambala a tsidya la msewu.

"Bowolo mukulifuna pati?" anafunsa atatseka mphuno.

"M'mbalimu, chapansi. Mulowetsepo kapaipi koti katsikire m'chigubu."

Anatulutsa cholumikizira chamkuwa, ine ndinakana. Malemu ankati mkuwa ndi poizoni m'thanki yamchere, ndipo mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri kuposa mawu achikondi. Anafufuza m'bokosi mpaka anapeza chapulasitiki. Anaboola pang'onopang'ono kuopa kung'alula, anamata ndi guluu, kenako anandipempha kuti ndisadzabwerenso ndi chinthu chotere nthawi ya nkhomaliro.

Tsiku loyamba zinandivuta. Thovu linathamanga kwambiri, chigubu chinayamba kudzaza madzi abwinobwino, thanki n'kumaphwa ndikuona. Ndinagwada kumbuyoko masana onse, ndikuchepetsa mpweya pa kampopi kake ndi kukweza kapu pang'onopang'ono, mpaka thovu linayamba kutuluka lolimba, madzi ake akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Zinatheka, achemwali. Chigubu chimenecho chikhoza kutha sabata chisanadzaze, alamu n'kumadzangotaya Loweruka osaika n'komwe makiyi awo pansi. Chimwalirireni malemu, ndinali ndisanasangalalepo chomwecho.

Ndinawaonetsa apongozi. "Amayi, mwaona? Tsopano Chithovu chizidzisamala chokha."

Anayang'ana kapaipi kaja nthawi yaitali. "Ndiwe wanzeru, mwana wanga," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Lamlungu m'mawa, ndikuchokera kogula buledi, ndinawapeza ali pansi atatsamira mwendo wa tebulo la thanki. Anali atatsika pabedi okha, munthu woti kubafa ndimachita kumugwirira. Kapaipi anali atakapinda pawiri n'kukamanga ndi kansalu kamene anang'amba kumpango wawo. Mfundo yake inali yonyowa, ndipo ndinadziwa kuti anaikoka ndi mano. Kapu inali itayambanso kudzaza.

"Amayi, mwatani? Mukanathyoka?"

"Mwana wanga sanachisiye ndi bowo."

"Koma n'chothandiza inu nomwe."

Ndinawanyamula, ndipo anali opepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Nditawagoneka anandigwira dzanja.

"Ndikudziwa kuti ukupita," anatero. "Sindikukuletsa. Udakali mwana, sungakalambire pamaliro. Koma masiku atsalawa uzitayabe kapuyo ndi manja. Ukamaitsuka pasinkipo umang'ung'udza, umanyoza nsomba imodziimodzi, ndendende mmene ankachitira iye. Ndikatsinzina ndimamva ngati nonse muli m'nyumba muno."

Achemwali, akanandikalipira bwenzi pano ndili pa basi. Akanandinena kuti ndine wosayamika, kapena kuti ndathamangira kuiwala mwana wawo, ndikanawayankha, inu mukundidziwa pakamwa panga. Koma munthu wokuuza kuti pita, uku akukugwira dzanja, umamuyankha chiyani? Ndinamasula kansalu kaja, ndinazula kapaipi, bowo lija ndinalitseka ndi guluu wotsala. Apulambala atandiona ndikutaya chigubu anangopukusa mutu.

Musaganize kuti ndasanduka woyera mtima. Ndakwiya. Ndakwiyira malemu amene anagula nsomba zokhala moyo wautali kuposa iwo, ndakwiyira alamu ndi makiyi awo, ndakwiyiranso gogo wosalakwa amene ndimamukonda. Ndikufuna kubwera. Ndikufuna kukhala pa makina, kumva phokoso lina losakhala la pampu, kuyenda mumsewu momwe palibe amene amanditchula kuti mkazi wa malemu. M'mawa uliwonse ndimapotokola kapu ija n'kupita nayo pasinki, ndipo vuto ndi lakuti tsopano ndikamang'ung'udza ndimadziwa kuti akumvetsera. Ndikakhala chete amafunsa ngati ndikudwala.

Ndimadziuza kuti ndi mpaka kutha kwa mwezi, monga ananenera apongozi eni ake. Dzulo anadya bwino koyamba m'masiku ambiri, anapempha ndi kuwonjezera komwe. Sutukesi ndaibweza pamwamba pa kabati chifukwa imapinga njira, musaganize zambiri.

Komabe mukawauze mayi osoka aja kuti akapeza wina asamubweze chifukwa cha ine. Sibwino makina kukhala ovundikira nyengo ya mayunifolomu. Muwathokoze kwambiri, munene kuti ndagwira njakata pang'ono.

Moni kwa alamu, muwauze kuti asavutike kukandichingamira. Moni kwa ana onse. Wamkuluyo ndamva kuti mwamusamutsira pamphasa kuti bedi lake likhale langa, chonde m'bwezereni, msana wa mwana wasukulu usapweteke pachabe. Wamng'onoyo mumuuze kuti amayi ake aang'ono abwera, koma musamuuze tsiku.

Poyankha mundikalipire mmene mungafunire, ndikudziwa kuti mutero, koma mulembe papepala lapadera. Apongozi amakonda kuti makalata anu ndiziwawerengera mokweza, ndipo ndikadumpha mzere amadziwa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
yemwe uja wapakamwa.